Chindoko, Chinzonono ndi Anzake: Kuwapeza ndi Kuwachiza

Pa matenda onse amene anthu amapatsirana pogonana, pali gulu limodzi limene dokotala angamuuze wodwala mosakayika kuti, "Musadandaule, izi zichira." Gululi ndi la matenda oyamba ndi tizilombo totchedwa mabakiteriya: chindoko, chinzonono, chlamydia, ndi matenda a zilonda amene amatupitsa mabomu. HIV, njerewere ndi matuza obwerabwera kumaliseche zimayamba ndi mavairasi, ndipo mankhwala amene alipo sapha kachilomboko. Amangokafooketsa kapena kuchotsa zimene kabweretsa pakhungu. Bakiteriya ndi wosiyana. Ndi kachilombo kokhala ndi thupi lakelake, kamene kamadya, kukula ndi kugawikana, ndipo mankhwala oyenera akakapeza amakapheratu.

Ngakhale zili choncho, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2020 chokha, mwa anthu a zaka 15 mpaka 49, matenda atsopano a chlamydia adakwana 129 miliyoni, a chinzonono 82 miliyoni, ndipo a chindoko 7.1 miliyoni. Nanga matenda ochizika angafale chonchi bwanji? Manyazi ali ndi mbali yake, kusowa kwa mankhwala m'zipatala nakonso kuli ndi mbali yake, koma gwero lalikulu ndi khalidwe la matendawa. Amabisala. Munthu akhoza kukhala nawo osamva kalikonse, ndipo wina amene adamva kuwawa akhoza kuona zizindikiro zatha pamene tizilombo tikadali m'thupi. Zimene munthu akuona pathupi lake ndi zimene zili m'thupimo kawirikawiri sizifanana. Ntchito yonse yoyeza ndi kuchiza matendawa imayambira pa mfundo imeneyi.

Chinzonono ndi chlamydia

Kachilombo ka chinzonono adakaona koyamba ndi dokotala wa ku Germany, Albert Neisser, mu 1879, ndipo dzina lake la sayansi, Neisseria gonorrhoeae, limakumbutsa za iyeyo. Kamakonda malo ofewa ndi achinyezi: njira ya mkodzo, khomo la chiberekero, kotulukira chimbudzi, pakhosi ndi m'maso. Mwamuna akakatenga, nthawi zambiri pamangopita masiku 2 mpaka 7 kuti ayambe kumva kuwotcha pokodza. Kenaka mafinya achikasu kapena obiriwirako amatuluka mpaka kudetsa kabudula wamkati. Ululu umenewu, ngakhale ndi wosautsa, umamuthandiza, chifukwa umamukakamiza kufuna chithandizo. Mkazi alibe mwayi wotero. Akazi ambiri amene ali ndi chinzonono samva kanthu, ndipo ena amangoona chikazi chasintha pang'ono kapena magazi akudontha nthawi yosamba isanakwane, zinthu zimene sangazione ngati matenda.

Matenda a chlamydia ndiye amabisala kuposa pamenepa. Kachilombo kake kamalowa m'kati mwa maselo a thupi n'kumaswana mmenemo mwakachetechete. Akazi ambiri amene ali nako, ndiponso amuna pafupifupi theka, alibe chizindikiro chilichonse. Amene ali nacho amaona timadzi toyererako m'mawa kapena kumva kunyerenyesa m'njira ya mkodzo, ndipo pakapita masabata angapo zimenezi zimatha zokha.

Choopsa chili pa zimene tizilombo tiwiriti timachita tikasiyidwa. Mwa mkazi timakwera kuchoka pakhomo la chiberekero kukafika m'chiberekero ndi m'machubu amene dzira limadutsamo. Machubu amatupa, ndipo akamapola amasiya zipsera zimene zimachepetsa kapena kutsekeratu njira. Njira ikatsekeka mayi sangaimenso. Ikangochepa, dzira limatha kukakamira m'chubu momwemo, mimba n'kumakulira pamalo osayenera mpaka chubu kuphulika, ndipo mayi angataye magazi m'mimba mpaka kumwalira ngati sanachitidwe opaleshoni msanga. M'midzi ndi m'matauni mwathu muli amayi ambiri amene amanyozedwa kuti ndi chumba, amene ayenda kwa asing'anga ndi kumapemphero zaka zambiri, pamene chimene chidatseka njira ndi matenda amene mapiritsi a masiku 7 akadawachiza. Mwa amuna tizilomboti timatha kutsikira kumavalo, kuwatupitsa ndi kuwononga njira ya umuna.

Khanda nalonso silipulumuka. Likamadutsa m'njira ya mayi amene ali ndi chinzonono, maso ake amatha kutupa ndi kutulutsa mafinya m'masiku oyambirira, ndipo likachedwa kuthandizidwa limachita khungu. M'zaka za m'ma 1880, dokotala wa azimayi wa ku Leipzig, Carl Credé, adayamba kudonthezera mankhwala a silver nitrate m'maso mwa khanda lililonse longobadwa, ndipo khungu la mtundu umenewu lidachepa kwambiri. Mankhwala opaka m'maso amene azamba amaika khanda likangobadwa masiku ano ndi mwambo womwewo, kungoti mankhwala ake adasintha.

Chindoko: chilonda chapola, matenda atsala

Chindoko chimayamba ndi kachilombo kowonda ndi kopiringizika kotchedwa Treponema pallidum, kamene Fritz Schaudinn ndi Erich Hoffmann adakatulukira ku Berlin mu 1905. Matendawa amayenda m'magawo, ndipo pakati pa gawo ndi gawo linzake amakhala zii.

Gawo loyamba ndi kachilonda kamodzi kamene kamatuluka pamene kachilombo kadalowera, kawirikawiri pakapita masabata atatu, ngakhale nthawiyi imatha kukhala masiku 10 mpaka 90. Kachilondako kamakhala kolimba m'mbali, koyera bwino pakati, ndipo sikapweteka. Kakatuluka mkati mwa mkazi, kotulukira chimbudzi kapena m'kamwa, mwiniwake sakaona n'komwe. Pakapita masabata 3 mpaka 6 kamapola kokha, kaya munthu wapakapo kanthu kaya sanapake. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Amene adapaka zitsamba amatamanda zitsamba, amene adathira ufa wa kapisozi amatamanda kapisozi, pamene kachilombo kadalowa kale m'magazi.

Gawo lachiwiri limadza pakapita masabata kapena miyezi ingapo. Munthu amatuluka zidzolo zosayabwa thupi lonse, ndipo chodziwikira chake n'chakuti zimafika m'zikhatho ndi kumapazi kunsi, malo amene zidzolo zambiri sizifikako. Pamakhalanso kutentha thupi, mwanabere, zilonda zapakhosi, ndi tsitsi lothothoka m'malo ena. Wodwala angaganize kuti ndi malungo kapena kuti thupi ladana ndi sopo. Izinso zimatha zokha.

Kenaka pamabwera zaka za bata, pamene munthu amaoneka wathanzi ndithu ndipo ndi magazi okha amene angaulule kuti akudwala. Mwa ena mwa anthu osachizidwa, pakapita zaka 10 mpaka 30, chindoko chimatulukira mu mtima, mu mtsempha waukulu wa magazi, m'mafupa kapena mu ubongo. Munthu amayamba kuiwala, kusokonezeka maganizo, kuyenda modzandira, kusaona kapena kusamva. Pofika pamenepa mankhwala amaphabe kachilomboko, koma sabwezeretsa zimene zawonongeka.

Mabomu

Zotupa za mphechepeche zimene timati mabomu ndi mwanabere amene wadzaza mafinya. Zimayamba ndi mabakiteriya a mitundu iwiri. Woyamba ndi Haemophilus ducreyi, amene amabweretsa zilonda zofewa, zamafinya ndi zopweteka kwambiri, zosiyana ndi kachilonda kosapweteka ka chindoko. Wachiwiri ndi mtundu wina wa chlamydia umene umalowerera mpaka m'mwanabere. Zilonda za mtundu woyambawu zinali zofala kwambiri kum'mawa ndi kummwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, koma zidachepa, ndipo lero zilonda zambiri zakumaliseche zimayamba ndi vairasi ya herpes. Chotupa cha mabomu sachitema ndi lezala. Kuchipatala amachikoka mafinya ndi singano n'kupereka mankhwala, chifukwa kuchitema kumasiya bala lochedwa kupola.

M'chipinda cha namwino

Zipatala zazing'ono zambiri za ku Malawi, Zambia ndi Mozambique zilibe labotale yoyeza tizilombo tonseti. Ngakhale ikadakhalapo, munthu amene wayenda mtunda wautali atauzidwa kuti abwerenso sabata yamawa kudzamva zotsatira, kawirikawiri sabwerera. N'chifukwa chake bungwe la WHO lidalimbikitsa njira yochiza potsata gulu la zizindikiro, ndipo Malawi adayamba kuigwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1990.

Njirayi imayenda motere. Namwino kapena dokotala amafunsa wodwala chimene chamubweretsa, tsiku limene chidayamba, mankhwala amene wamwa kale, ndiponso za anthu amene wagona nawo posachedwa. Kenaka amavala magolovesi n'kuona pamalopo. Kuona kumeneku sikoyenera kudumphidwa, chifukwa munthu akhoza kunena za mafinya okha pamene pansi pa khungu pabisala chilonda. Akatero amaika vutolo m'gulu lake: mafinya otuluka kwa mwamuna, chikazi chachilendo, chilonda kumaliseche, kupweteka pachinena kwa mkazi, kutupa kwa mavalo, mabomu, kapena maso amafinya a khanda. Gulu lililonse lili ndi ndondomeko yake, imene imapereka mankhwala opha tizilombo tonse timene kawirikawiri timayambitsa chizindikirocho. Mwamuna wotuluka mafinya amalandira mankhwala a chinzonono ndi a chlamydia pamodzi, chifukwa maso sangasiyanitse matenda awiriwa ndiponso amakonda kuyendera limodzi. Wachilonda amalandira mankhwala a chindoko pamodzi ndi a zilonda za mitundu ina. Ndiye wodwala akaona jakisoni ndi mapiritsi a mitundu iwiri kapena itatu asaganize kuti namwino akungoyerekeza. Mtundu uliwonse uli ndi kachilombo kake.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti munthu amalandira chithandizo pa ulendo umodzi. Kafukufuku wotchuka wa m'chigawo cha Mwanza ku Tanzania, amene zotsatira zake zidatuluka mu 1995, adapeza kuti m'madera amene zipatala zake zidaphunzitsidwa njirayi ndi kupatsidwa mankhwala, anthu otenga HIV adachepa ndi pafupifupi 40 pa 100 alionse poyerekeza ndi madera ena. Kafukufuku wina amene adatsatira ku Uganda sadapeze kusiyana kwakukulu chomwecho, komabe phindu lochiza matendawa msanga palibe amalitsutsa.

Njirayi ili ndi zofooka ziwiri zazikulu. Choyamba chikukhudza chikazi. Kuyabwa ndi chikazi chochuluka, zimene ambiri amaziphatikiza pa dzina la mauka, nthawi zambiri sizichokera ku chinzonono kapena chlamydia. Zimatha kuyamba ndi mafangasi, ndi kachilombo kena kotchedwa trichomonas, kapena ndi kusokonekera kwa mabakiteriya abwino amene amakhala m'njira ya mkazi mwachibadwa. Zina mwa izi sizichokera kwa mwamuna n'komwe. Choncho amayi ena amamwa mankhwala amene sakuwafunikira, ndipo mabanja ena amakangana pa mlandu umene palibe adapalamula. Chachiwiri ndi chachikulu kuposa apa: njira yotsata zizindikiro singapeze munthu amene alibe chizindikiro, ndipo anthu otere ndiwo ambiri.

Zimene labotale imaona

Kumene kuli zipangizo, pali njira zitatu zopezera chinzonono. Yakale kwambiri ndi maikulosikopu. Dontho la mafinya amalipaka pakagalasi, kuliumitsa, n'kulithira utoto motsata njira imene Hans Christian Gram wa ku Denmark adaiyambitsa mu 1884. Woyeza akasuzumira amaona maselo oyera a magazi, ndipo mkati mwake muli tizilombo tofiirira tokhala tiwiritiwiri, toyang'anizana ngati nyemba ziwiri. Kwa mwamuna amene akutuluka mafinya, njirayi ndi yodalirika ndipo imatha m'mphindi zochepa. Kwa mkazi imaphonya kawirikawiri.

Njira yachiwiri ndi yomeretsa tizilomboto m'kambale ka chakudya chapadera kwa tsiku limodzi kapena awiri. Imachedwa ndipo imafuna luso, chifukwa kachilombo ka chinzonono kamafa msanga kakatuluka m'thupi. Koma ndi njira imene imalola akatswiri kuthira mankhwala osiyanasiyana pa tizilombo tamoyo n'kuona amene akuwapha ndi amene alephera.

Yachitatu ndi yofufuza DNA ya kachilomboko, ndipo imapambana zinzake pakupeza chinzonono ndi chlamydia, ngakhale mwa munthu wopanda chizindikiro. Mwamuna amangopereka mkodzo woyamba kutuluka, ndipo mkazi akhoza kudzitenga yekha ndi kathonje ka pakamtengo. Makina a GeneXpert, omwe m'zipatala zambiri za maboma amayezera chifuwa chachikulu cha TB, amatha kupereka yankho m'mphindi pafupifupi 90 ngati pali timabokosi take toyezera matendawa. Vuto ndi mtengo wa timabokosito. Pali mfundo inanso imene wodwala ayenera kuidziwa: mkodzo suulula kachilombo kamene kali pakhosi kapena kotulukira chimbudzi. Amene adagonana m'njira zimenezi ayenera kumuuza woyeza kuti atenge pamalo oyenera. Wachipatala safunsa izi kuti aweruze munthu, ndipo ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi.

Dontho la magazi ku sikelo

Chindoko amachiyeza mosiyana. Kachilombo kake sikamera m'kambale wamba ka labotale, choncho amafufuza m'magazi zizindikiro zakuti thupi lakumana nako. Woyamba kupanga njira yotere anali August von Wassermann ndi anzake mu 1906. Lero mayi woyembekezera akapita ku sikelo koyamba, namwino amamupukuta chala, kumubaya pang'ono, n'kudonthezera magazi pakachipangizo kapulasitiki kotalika ngati chala chomwecho. Amawonjezera madontho a mankhwala, ndipo pakapita mphindi 15 mpaka 20 mizere imaoneka. Mzere umodzi ukutanthauza kuti chipangizo chagwira ntchito ndipo sichinapeze kanthu. Mzere wachiwiri ukutanthauza kuti magaziwo adakumanapo ndi chindoko. Pali zipangizo zina zimene zimayeza HIV ndi chindoko pa dontho limodzi.

Kachipangizo kameneka kali ndi malire ake. Kwa anthu ambiri mzere wachiwiri umaonekabe moyo wonse, ngakhale munthu atachira kalekale. Kuti adziwe ngati matenda akadali amoyo, a labotale amagwiritsa ntchito njira ina yotchedwa RPR kapena VDRL, imene imapereka nambala. Nambalayo imakwera matenda akamakula ndipo imatsika mankhwala akagwira ntchito. N'chifukwa chake nkofunika kusunga kabuku ka kuchipatala: zimene zidalembedwa chaka chatha zimathandiza kutanthauzira zotsatira za lero. Komanso m'masabata oyambirira, kachilonda kakangotuluka kumene, magazi amatha kusaonetsa kanthu. Wachilonda amachizidwa ngakhale magazi ake atuluke abwino.

Kuyeza amayi oyembekezera kuli patsogolo chifukwa chindoko chimadutsa kuchoka m'magazi a mayi kupita kwa mwana ali m'mimba. Mwa amayi amene ali nacho ndipo sanachizidwe, oposa theka mimba zawo zimathera m'mavuto: kupita padera, kubereka mwana wakufa kale, kubereka masiku asanakwane, kapena kubereka mwana wodwala. WHO idawerengera kuti mu 2016 makanda oposa 200,000 padziko lonse adafera m'mimba kapena atangobadwa chifukwa cha chindoko. Mayi amene wataya mimba ziwiri kapena zitatu motsatizana, asanayambe kuloza zala achibale, ayenera kuyezedwa magazi.

Mankhwala ake

Kwa zaka mazana angapo, madokotala a ku Ulaya ankachiza chindoko ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni chimene chinkagwetsa mano ndi kuwononga impso. Mu 1910 Paul Ehrlich ndi Sahachiro Hata wa ku Japan adatulutsa mankhwala a Salvarsan, amene ankagwira ntchito koma anali ndi arsenic ndipo ankafuna majakisoni ambiri. Kusintha kwenikweni kudadza ndi penisilini, amene Alexander Fleming adamutulukira mu 1928. Mu 1943 dokotala John Mahoney wa ku New York adachiza naye amuna anayi odwala chindoko, ndipo kuyambira pamenepo mpaka lero kachilombo ka chindoko sikadapezebe njira yomupewera.

Kupezeka kwa mankhwala sikutanthauza kuti afika kwa wodwala. Ku Tuskegee, m'chigawo cha Alabama ku America, madokotala a boma adatsatira amuna akuda 399 odwala chindoko kuyambira mu 1932 mpaka 1972 kuti aone mmene matendawa amawonongera thupi. Sadawauze chimene ankadwala, ndipo penisilini atapezeka adawamana. Ambiri adamwalira, akazi awo ena adatenga matendawa, ndipo ana ena adabadwa nawo. Mtsogoleri wa dzikolo, Bill Clinton, adapepesa mu 1997. Nkhaniyi ndi imodzi mwa zimene zidalimbitsa lamulo lakuti wodwala aliyense ali ndi ufulu wouzidwa matenda ake ndi kupatsidwa mankhwala amene alipo.

Penisilini wa chindoko ndi wa mtundu wa benzathine. Ndi jakisoni woyera ndi wokhuthala, wobayidwa mkati mwa mnofu wa thako, ndipo nthawi zambiri amamugawa matako onse awiri. Amapweteka, koma kukhuthala kwakeko ndi kumene kumachititsa kuti azisungunuka pang'onopang'ono n'kukhala m'magazi masabata angapo, nthawi yokwanira kupha kachilombo kamene kamachedwa kugawikana. Chindoko chongoyamba chimafuna kubayidwa kamodzi, mlingo wa mayunitsi 2.4 miliyoni. Chokhalitsa, kapena chimene sichikudziwika kuti chidayamba liti, chimafuna kubayidwa katatu, kamodzi pa sabata. Ena amatentha thupi ndi kumva mutu tsiku loyamba pamene tizilombo tikufa, ndipo izi zimatha zokha. Koma amene adatupapo kapena kubanika atalandira penisilini ayenera kunena asanabayidwe. Kwa mayi woyembekezera, penisilini ndiye amadalirika kuchiza mayi ndi mwana yemwe, ndipo amafunika kulandiridwa kusanatsale masiku 30 kuti abereke.

Matenda a chlamydia amachizidwa ndi doxycycline, 100 mg kawiri pa tsiku kwa masiku 7. Amwedwe ndi madzi ambiri, munthu asagone atangomwa, ndipo asamwere limodzi ndi mkaka kapena mapiritsi owonjezera magazi, chifukwa zimenezi zimalepheretsa mankhwalawa kulowa m'thupi. Mayi woyembekezera sapatsidwa doxycycline. Amapatsidwa azithromycin kapena erythromycin. Mtundu wa chlamydia wotupitsa mabomu umafuna masiku 21. Chinzonono, malinga ndi malangizo a WHO, amachichiza ndi jakisoni mmodzi wa ceftriaxone. Matenda akakwera m'machubu, mayi amalandira mankhwala ophatikiza kwa masiku 14, kuphatikizapo metronidazole amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Flagyl. Ngati akutentha thupi kwambiri, akusanza, kapena wadumphitsa kusamba, ayenera kuonedwa kuchipatala chachikulu mosachedwa.

Chinzonono chosamva mankhwala

Pamene chindoko chikugonjerabe mankhwala a 1943, chinzonono chagonjetsa mankhwala ambiri motsatizana. Mankhwala a sulfa adayamba kugwira ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, koma zaka khumi zisanathe adayamba kulephera. Penisilini adalowa m'malo, mlingo wake n'kumakwezedwa chaka ndi chaka, mpaka mu 1976 padapezeka tizilombo totulutsa mankhwala akeake owononga penisiliniyo. Tetracycline adatsatira, kenaka ciprofloxacin, amene ku America adasiya kumugwiritsa ntchito pa chinzonono mu 2007. Malawi adatenga njira yakeyake: kuyambira mu 1993 adadalira jakisoni wa gentamicin kwa zaka zoposa 25, mpaka kafukufuku wa ku Lilongwe adaonetsa kuti amuna ena sakuchira naye. Ceftriaxone nayenso wayamba kugwedezeka. Mu 2009 ku Kyoto, m'dziko la Japan, kudapezeka kachilombo kosamumva, ndipo mu 2018 mwamuna wina ku England adapezeka ndi chinzonono chimene chidakana ceftriaxone ndi azithromycin yemwe, mpaka adachizidwa ndi mankhwala a m'diripi. Mankhwala atsopano akubwera, monga zoliflodacin amene adayesedwa m'mayiko angapo kuphatikizapo South Africa, koma kupanga mankhwala amodzi kumatenga zaka zambiri.

Kachilomboka kali ndi luso lotola tizidutswa ta DNA kuchokera ku mabakiteriya ena, makamaka pakhosi, n'kutengera njira zawo zodzitetezera. Ife timakathandiza. Mnyamata amene akuchita manyazi kupita kuchipatala amagula makapisozi awiri kapena atatu pamsika kapena pa okala, n'kumwa. Mlingo wochepawo umapha tizilombo tofooka, mafinya amaphwa, iye n'kukhulupirira kuti wachira. Tizilombo tolimba timatsala, timaswana, ndipo ndi timeneti timene amakapatsa mnzake. Chimodzimodzi amene amasiya mapiritsi tsiku lachitatu chifukwa ululu watha, kapena kugawana ndi mnzake mankhwala amene adalembedwera munthu mmodzi. Akuluakulu adati mbewa yamanyazi idafera kuuna, ndipo pa matendawa manyazi a munthu mmodzi amafooketsa mankhwala amene mudzi wonse ukuwadalira.

Odwala ndi awiri

Matenda opatsirana pogonana sakhala mwa munthu mmodzi. Aliyense amene wapezeka nawo adawatenga kwa wina, ndipo mwina wapatsira kale wina. Thupi silipanga chitetezo chokhalitsa pa matendawa, choncho wochira lero akhoza kuwatenganso mawa kwa mnzake amene sanachizidwe. Ndiye namwino akamaliza kupereka mankhwala amapereka kapepala koitanira mnzakeyo, ndipo mawu ake amakhala monga awa: "Amayi, bambo akunyumba abwere nawonso, ngakhale akunena kuti sakumva kalikonse." Mawu omalizawo ndiwo ofunika. Woitanidwayo amachizidwa kaya ali ndi chizindikiro kaya alibe.

Kupereka kapepala kameneka si chinthu chapafupi. Mayi amaopa kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa, bambo amaopa kuululika. Nkoyenera kuti onse adziwe kuti chlamydia ndi chindoko zimatha kukhala m'thupi miyezi kapena zaka osadziwika, kotero kupezeka nazo lero si umboni wakuti wina wazembera mnzake dzulo. Amene akuopa nkhanza auze namwino, kuti apeze njira ina yomuitanira mnzakeyo. Onse awiri akalandira mankhwala, ayenera kudziletsa kwa masiku 7 kapena mpaka mapiritsi onse atatha ndi zilonda kupola. Zizindikiro zikapitirira pakatha sabata abwerere kuchipatala, ndipo kumene nkotheka ayezedwenso pakatha miyezi itatu. Kondomu yogwiritsidwa ntchito bwino imateteza kwambiri ku chinzonono ndi chlamydia. Ku chindoko imateteza pokhapokha ngati yaphimba pamene pali chilonda.

Aliyense wopezeka ndi matendawa ayeneranso kuyezetsa HIV, chifukwa zilonda ndi kutupa zimatsegulira kachilomboko njira, polowa ndi potuluka pomwe. Umboni wina wamphamvu pa mfundoyi udachokera kwathu konkuno. Mu 1997 ofufuza otsogozedwa ndi Myron Cohen wa ku University of North Carolina, pamodzi ndi anzawo a ku Malawi, adafalitsa zimene adapeza ku Lilongwe: amuna a HIV amene ankatuluka mafinya anali ndi kachilombo ka HIV kochuluka kasanu ndi katatu mu umuna wawo kuposa amene analibe vutoli. Atachizidwa ndi maantibayotiki, kuchuluka kumeneku kudatsika kwambiri m'masabata awiri. Kuchiza chinzonono cha mwamuna mmodzi kumateteza mkazi wake ku matenda awiri.

Mu 2015 dziko la Cuba lidakhala loyamba kuvomerezedwa ndi WHO kuti lathetsa kupatsira ana HIV ndi chindoko kuchokera kwa amayi monga vuto la dziko. Silidagwiritse ntchito mankhwala achilendo. Lidaonetsetsa kuti amayi oyembekezera ayamba sikelo msanga, ayezedwa magazi, alandira penisilini pa nthawi yake, ndiponso amuna awo ayezedwa ndi kuchizidwa. Zonsezi ndi zotheka ku Nsanje, ku Chipata ndi ku Tete. Boma liyenera kuonetsetsa kuti zipangizo zoyezera ndi majakisoni sizikusowa m'chipatala chaching'ono chilichonse. Kwa ife tonse kwatsala kuyezetsa ngakhale thupi lili bwinobwino, kumaliza mankhwala ngakhale ululu utatha, ndi kupita kuchipatala awiri.